Ndinaona Anayi

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, ndikukonza njinga pakhonde panga ku Lirangwe. Wapolisi anati, "Atcheya, mukangotsimikiza katundu basi, mubwerako pompano." Ndinavala jekete ndi tayi. Ndinali wapampando wa achitetezo cha m'mudzi, ndipo apolisi ndinkawatenga ngati abale anga.

Sabata yapitayo kunali zionetsero m'tauni. Anthu anathyola masitolo ndi kuotcha matayala pamsewu. Maganizo anga sindinabisepo. Wothyola sitolo ndi mbava, kaya wanyamula chikwangwani. Ndinkanena pamsika kuti boma lafewa, utsi wokhetsa misozi wachepa. Nditaona anyamata anayi akutsitsa malata atsopano palole, ndinaimba wezulo ndi kupereka mayina awo.

Titadutsa pa Chileka, anatsitsa lona la galimoto. Kumene tinathera sindikudziwa mpaka lero. Ndinkangomva ndege.

Patebulo panali pepala la mayina khumi ndi awiri.

"Sainani, madala," anatero wofunsa mafunso.

"Ine ndinaona anayi."

"Enawa ndi amakani omwewo. Si inu mumati tikhwimitse zinthu?"

"Ndinaona anayi."

Anandivula lamba, tayi ndi nsapato. Wezulo anaiponya m'dirowa.

M'chitokosi ndinapezamo anayi aja. Ndinayembekezera zibakera, koma palibe anandikhudza. Wamtali, mwana wa mayi wogulitsa tomato pamsika pathu, anasendera nandipatsa malo kutali ndi ndowa.

"Khalani apa, agogo. Uko kumanyowa."

M'mawa uliwonse ankatenga mmodzi. Ankabwerako chokwawa, mapazi atatupa. Ine sanandimenyepo. Ankangondikhazika pabenchi, pafupi ndi chitseko cha chipinda chimene ankawamenyeramo, pepala lija lili pamwendo panga.

Loweruka anatenga wamtali uja. Ndege inadutsa pamwamba, ndipo itapita m'chipindamo munali zii. Sanabwerere. Mlonda anati, "Wasamutsidwa, musadandaule." Masilipasi a mnyamatayo anatsala pakhomo la chitokosi. Alonda omwe ankawalambalala.

Patatha masiku asanu ndi anayi anandibwezera lamba ndi wezulo. Tayi inali itasowa.

"Pitani, madala. Mutu wanu ndi mwala."

Sindinasaine. Asanu ndi atatu aja akulima chimanga ku Chigaru mpaka pano, ndipo sadziwa kuti analembedwapo. Atatu a m'chitokosi anatuluka chaka chotsatira. Sitilankhulana.

Maganizo anga sanasinthe. Dziko lopanda lamulo ndi tchire, ndipo wakuba alangidwe. Koma lamulo limene ndinkanena ine lili ndi khoti, lili ndi tsiku lotuluka. Ndimayenda kumene ndifuna, wezulo ili m'thumba la jekete. Sindinaiimbenso.

Tsiku la msika lililonse mayi wa tomato uja amandilonjera mwaulemu, kenako amafunsa funso lomwe lija.

"Atcheya, munamusiya ali bwanji?"

Sindinanamizepo munthu. Ndimati, "Anandipatsa malo ouma, mayi."