Mwezi Umene Nkhunda za Atate Zinasamuka

Phokoso limene ndimakumbukira la ku Kabwata si la maminibasi ayi, ndi la mapiko. Nkhunda makumi awiri ndi zinayi zikanyamuka nthawi imodzi pa malata a nyumba yathu, zinkamveka ngati mpingo ukuwomba m'manja. Atate anazimangira khola kuseri kwa khitchini ndi matabwa a mabokosi a tomato, ndipo ankazikonda mwina kuposa ine. Sindikunena mwansanje, ndi mmene zinalili basi.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inali nyengo ya dzuwa la Okutobala, maluwa a jakaranda atayoyokera m'ngalande, phula likumata ku mapatapata. Atate, amene ankayendetsa thiraki, anapatsidwa ulendo wa mwezi wathunthu kunja kwa dziko. Amayi ankalawirira kukagulitsa salaula, zovala zakaunjika, m'tauni. Choncho nkhunda zinatsala m'manja mwanga, pamodzi ndi foni yakale ya atate, yosweka galasi pakona, yoti azindiimbirapo.

"Manzi m'mawa, manzi m'mazulo," anatero akukwera thiraki, kunena madzi a nkhunda. "Ikasowa olo imozi, tizaonana."

Anyamata a pa shopu anandiikira masewera a mpira ndi mavidiyo. Abale inu, sindinaonepo chinthu chotero! Dziko lonse linali m'kagalasi kamene ndinkakaphimba ndi dzanja limodzi. Ndikaweruka kusukulu ndinkagona pa simenti yozizira ya pabalaza, chala chikungotsetsereka, mpaka batire litatentha ngati mbatata yootcha. Chimanga ndinkaziponyera nkhunda maso ali pa foni. Madzi ndiye ndinkati ndithira masewerawa akatha, koma masewera aja sankatha. Atate akaimba ndinkayankha kuti zonse zili bwino.

Tsiku lina ndinadzuka pakhomo pali zii. M'khola munatsala ziwiri zokha zimene zinkafungatira mazira. Mbale yamadzi inali itauma gwa, muli fumbi ndi nthenga. Nditakweza maso ndinaziona zitandandalika pa denga la ba Mwansa, makaniko wopuma ntchito wochokera ku Luapula, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Mpopi wawo unkadontha, ndipo pansi pake panali kathaphwi.

Ine mtima wanga ndi waufupi kuyambira kale. Ndinatola miyala, n'kugenda geti lawo ndikukuwa kuti kawalala. Anatuluka atavala vesiti, m'manja muli sopo, n'kundifunsa mosakaniza ndi chinenero cha kwawo.

"Iwe mwaiche, shani? Ufuna kunipwanyila nyumba?"

"Mwaba nkhunda za batate!"

"Nabela ndani? Zabwela zeka kumwa manzi. Iwe unali kuti?"

Ndisanayankhe, foni inalira m'thumba la kabudula, kanyimbo ka masewera kondiitana kuti ndibwerere. Ba Mwansa anangotambasula dzanja. Ananditsogolera mpaka kwathu, anatsegula chitini cha chimanga cha nkhunda, n'kuikwirira foni ija m'chimangamo, n'kutseka chivundikiro.

"Izankala umu mpaka zidye. Faka manzi mu mbale, unkale pansi, chimanga mu manja yonse yabili. Osaitana, osagwedezeka."

Tsiku loyamba sikunabwere kanthu. Ndinakhala pafumbi manja ali chitambasulire, thukuta likulowa m'maso, ndikumva foni ikunjenjemera m'chitini ngati kachilombo kotsekeredwa. Zala zinkandiyabwa. Pamapeto ndinamenya ndowa theche, nkhunda zonse pa denga paja n'kuuluka kupita kutali. Tsiku lachiwiri ndinapirira pang'ono, ndipo imodzi inatera pa mpanda, inandiyang'ana ndi diso limodzi lofiira, n'kubwerera. Tsiku lachinayi atate anaimbira amayi kuti afika pa boda, kwatsala masiku awiri. Chakudya chinandikanika.

Koma pokhala pansi paja ndinayamba kuona zinthu zimene zinalipo kale. Nyerere zinkanyamula njere imodzi zili zisanu. Mthunzi wa mtengo wa mango unkayenda pang'onopang'ono kuchokera ku khola mpaka ku mapazi anga. Ndinadziwa kuti nkhunda yaimuna imasinthana ndi yaikazi pofungatira, nthawi yake yomweyomweyo, popanda wotchi.

Madzulo a tsiku lachisanu mitambo ya mvula yoyamba inaunjikana mbali ya ku Woodlands, mphepo n'kubwera ndi fungo la dothi lonyowa kwina. Nkhunda zinanyamuka pa denga la ba Mwansa. Zinazungulira pamwamba pa nyumba zosanja katatu, zikatembenuka dzuwa n'kumawala kunsi kwa mapiko, zonse pamodzi ngati nsalu imodzi. Kenaka zinatsika. Mphepo ya mapiko inandimenya kumaso. Imodzi inatera pa mkono wanga, mapazi ake ofunda, yopepuka ngati mpango, n'kuyamba kujompha m'chikhatho. Ndinkamva mtima wake ukugunda. Sindinapume. Ine amene ndinkamenyana ndi aliyense pa msewu wathu ndinangokhala, misozi ikutsika, ndikuopa ngakhale kuipukuta.

Zinabwerako zonse kupatula imodzi, yoyera ya khosi lofiirira. Imeneyo sitinaionenso.

Atate anafika, anawerenga kawiri, n'kundiyang'ana. Ndinaulula zonse ndili chilili, ndikudikira lamba. Koma sanandimenye. Nthawi yodyetsa itakwana, anandiona ndikukwirira foni m'chimanga. Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa yawo yatsopano, n'kuikwiriranso momwemo. Tinakhala pansi awiri, manja chitambasulire.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti nkhunda zimamva kaphokoso kena ka m'foni kamene ife sitimva, ndiye zimathawa. Ndinauza anzanga onse kusukulu, ena n'kukhulupirira. Patapita zaka ndinamva kuti ba Mwansa anamanga mpopi wawo wodontha uja ndi malegeni a mphira m'mawa wa tsiku lachisanu lija, kathaphwi n'kuuma.

Sukulu ndinaisiyira pa Giredi 9, ndipo lero ndimawotcherera mageti ku Emmasdale. Mtima ukadali waufupi, makamaka munthu akandilembera zamwano pa intaneti. Chala chikayamba kuyabwa, foni ndimaitsekera m'bokosi la zida mpaka geti litatha. Nthawi zina ndimapambana, nthawi zina ayi. Tsopano ndikudziwa kuti nkhunda sizinkaopa foni. Zinali ndi ludzu chabe, ndipo mwana amene anayenera kuziona anali pakhomo pomwepo tsiku lonse, koma kunalibe.