Voti ya Absalom Wachibwibwi

Absalom Pruitt anabadwa wachibwibwi, ndipo anakula ali munthu wa mawu ochepa. Anafika ku Kentucky ali khanda, m'masiku amene anthu ankadula malire a minda posema makungwa a mitengo ndi nkhwangwa. Atakula anayamba kupanga migolo, ntchito imene inamuyenera chifukwa thabwa silifunsa mafunso. Anakwatira Keziah, mayi wodziwa kulankhulira anthu awiri, ndipo anabereka ana anayi ofatsa, amene anaphunzira adakali aang'ono kudikira bambo awo mpaka amalize okha zimene akunena.

Munda wawo unali m'mbali mwa mtsinje, wa nthaka yakuda, wokhala ndi kasupe wosaphwa. Koma mkulu wina wa ku Virginia, amene sanapondepo phazi pamalopo, anayamba kunena kuti mundawo ndi wake. Mlandu unakalowa kukhoti, ndipo unkadikira nyengo yokolola kuti Woweruza Crenshaw augamule.

Crenshaw ameneyu anabwera m'deralo ali loya wachinyamata, ndi hatchi yowonda ndi jekete limodzi. Sankakweza mawu, sankaopseza munthu. Chimene anthu ankamuopera n'chakuti sankaiwala dzina. Atakhala woweruza zaka zingapo, anafuna mpando wa ku nyumba ya malamulo ku Frankfort, ndipo ankapikisana ndi Lyle, mwini chigayo.

Masiku amenewo voti inali ya pakamwa. Mwamuna ankaimirira pakhonde la khoti n'kutchula mokweza dzina la amene wamusankha, eni mainawo atakhala pabenchi pomwepo akumuyang'ana.

"Tatchulaninso," anatero Keziah m'mawa wa chisankho, akumukonzera kolala.

"Crenshaw," anayankha Absalom bwinobwino.

"Mwaona? Kunyumba kuno lilime lanu ndi lowongoka ngati la m'busa. Mukatchule kamodzi basi, mubwereko. Sindikukutumani kukawakonda ayi. Ndikukutumani kukasunga kasupe wathu."

Pakhotipo panali piringupiringu. Amuna anali atamwa kale kachasu wa chimanga amene opikisanawo anagawa, ndipo aliyense wotchula dzina ankaomberedwa m'manja ndi mbali ina, ina ikumukuwiza. Amene watchulidwayo ankavula chipewa n'kuthokoza.

"Absalom Pruitt, mukuvotera yani?" anafunsa mlembi.

Absalom anatsegula pakamwa. Dzina lija linafika pakhosi n'kukakamira. "K... K... K..."

"Anthuni, kadyeni nkhomaliro!" anakuwa Gideon, wosula zitsulo. "Mukamabwera mupeza atafika pa chilembo chachiwiri!"

"Mumenyeni pamsana ngati mgolo wake, mwina lituluka!" anatero wina kumbuyo.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Woweruza yekha sanaseke. Anangokhala phee, manja ali pamaondo, maso ali pakamwa pa Absalom. Absalom anayesanso, nsagwada zikunjenjemera, mpweya ukumuthera. Wachibwibwi aliyense amadziwa kuti mawu ena akatseka njira, ofewa amene ali pafupi amathamangira kutuluka kuti mwini apume.

"Lyle," anatero.

Mlembi analemba. Lyle anavula chipewa akumwetulira. Koma kenako kunachitika chimene palibe amene anachionapo: Woweruza Crenshaw naye anaimirira, navula chipewa chake kwa munthu amene wamukana.

"Zikomo, a Pruitt a kumtsinje," anatero motsitsa mawu. "Ndamva bwino lomwe."

Phwete lija linazima. Gideon anayang'ana pansi.

Madzulo Keziah anamva nkhaniyo ali chilili. "Pempherani kuti Woweruzayo apambane, azipita ku Frankfort," anatero. "Akagwa, akhala konkuno pampando wawo."

Woweruza anagwa.

Chimanga chitauma, mlandu unaitanidwa. Absalom anayenera kufotokoza yekha za mtengo wa malire umene bambo ake anasema. Woweruza sanamufulumizitse ngakhale pang'ono. "Musathamange, a Pruitt," ankatero mwaulemu. "Tikudziwa kuti nthawi zina pakamwa panu pamatuluka zimene simukutanthauza. Mukuti mtengo wake uti?" Anamufunsa chomwecho mobwerezabwereza, mpaka Absalom anatchula mtengo wa kumtunda pamene ankafuna kunena wa kumunsi. Woweruza anauza mlembi kuti alembe monga mwini wake wanenera.

Munda unapita, pamodzi ndi kasupe. Palibe amene akanaloza pamene lamulo linapindidwa, chifukwa silinapindidwe.

Chisanu chisanafike, banjalo linalongedza zida za migolo m'ngolo n'kuwoloka mtsinje wa Ohio. Kumeneko Absalom anakhala mpaka kukalamba, akugwira ntchito m'nyumba za eni. Ana ake anakula bwino, ndipo wamkulu anadzakhala mphunzitsi woleza mtima kwambiri ndi ana ovutika kulankhula.

Pa chisankho chotsatira Crenshaw anapambana popanda womuyandikira. Amuna ankafika pakhonde lija mmodzimmodzi, chipewa chili m'manja, n'kutchula dzina lake momveka bwino. Gideon ndiye analitchula mokweza kuposa onse.