Mizere ya Pabwalo pa Ambuya

Ndimakumbukirabe kulira kwa pulinta ya m'chipinda cha makompyuta ku yunivesite, kriii, kriii, ngati munthu akudula lata ndi sowo. Tsiku limenelo inatulutsa pepala langa, ndipo nditaliona ndinadziwa kuti lalakwika.

Munali mu Novembala, zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Kukomboni kwathu ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa pansi, pali mwala. Khoma la kuchipinda kwa ambuya, agogo anga amene anandilera makolo anga atamwalira, linali litang'aluka kale, ndipo mvula ina yamphamvu likanagwa. Pankafunika ngalande, koma inayenera kudutsa pabwalo la aneba athu, akalipentala achisilamu ochokera ku Malawi. Iwo anakana kulandira madzi athu.

"Manzi yanu yabwele kwanga? Iyai. Kumbilani kumseu."

Masiku atatu ndinayeza mabwalo onse awiri ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, monga amachitira omanga nyumba. Ambuya ankagwira kunsonga inayo. Aneba ankationera akupala thabwa. Manambalawo ndinapita nawo kusukulu, poti pulogalamu ya masamu imene tinkaphunzira inkatha kupanga nawo fomula, n'kujambula mizere yolumikiza malo okwera mofanana.

Koma papepala lija mizere yonse inaunjikana pangodya imodzi, pamulu wa phulusa kuseri kwa chimbudzi. Kwina konse kunali koyera, ngati mabwalowo ndi tebulo. Ndi pepala lotere aneba akanangondiseka.

Woyang'anira chipindacho anagogoda pawotchi yake: kwatsala mphindi khumi. Kumbuyo kwanga anzanga anali pamzere ndi madisiki awo. Ndinaliyang'anitsitsa pepalalo mpaka ndinaona cholakwa. Ndinali nditalola makina kusankha okha mizere. Anatenga nsonga ya mulu ndi malo otsikitsitsa n'kugawa mofanana, moti kutsika kwa pakati pa mzere ndi unzake kunkafika m'bondo, pomwe vuto lathu linali la zala zitatu. Ndinalemba ndekha mndandanda wa mizere, uliwonse wotsika masentimita asanu kuchoka pa unzake, mulu uja ndinausiya. Pulinta inaliranso, ndipo ulendo uno mizere inadzaza mabwalo onse awiri.

Madzulo ndinawapeza aneba pashedi yawo, kumwamba kutada bii. Anagwira pepalalo patali ndi maso.

"Ivi ni vichani, matumbo ya nkhuku?"

"Ni bwalo, amalume. Mseu uli pamwamba, manzi siyangakwele. Yachoka apa, yamenya khoma ya ambuya, yapitilila."

"Yapitilila kuti?"

Ndinaika chala pakamzere kozungulira, kakang'ono kuposa yonse. "Yakhala apa."

"Apo ni pamapulanga yanga."

Ndi pomwe ankaunjika matabwa awo. Chaka chilichonse ndinkawaona akuyanika matabwa opindika, akudandaula kuti anawagulitsa mitengo yaiwisi. Chala changa chinatsata mizereyo mpaka kudzenje lalikulu la kuseri kwa nyumba yawo, kumene ngalande ikanakataya madziwo. Ambuya anali ataima pakhomo pathu, chitenje atachigwira pakamwa. Dontho loyamba linagwera papepala, inki n'kuyamba kufalikira.

Aneba analipinda pepalalo, naliika m'thumba la malaya, n'kulowa m'nyumba. Ndinaima pomwepo ndikumva mvula ikuyamba pamalata. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Anatuluka atavala kachipewa kawo koyera, m'manja muli piki.

"Uyambile kumbuyo kwa shedi. Mizu ya mango usadule."

Anandipatsa pikiyo, n'kulunjika kumzikiti.