Kumbuyo kwa Galimoto Yofiira

Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso basi. Mumsewu wonse wa magalaja ankadziwika kuti a Pang'ono, chifukwa aliyense wofunsa kuti galimoto imene ankapanga ija itha liti ankalandira yankho limodzi: "Kwatsala pang'ono." Anayamba kuyankha choncho mwana wawo wamkazi ali kupulayimale, ndipo ankayankhabe choncho mwanayo atabereka wake.

Ntchito yawo inali yowongola magalimoto ochita ngozi, ndipo manja anali nawo, zimenezo palibe ankatsutsa. Koma munthuyo kukhazikika sankakudziwa. Tiyi ankamwa ali chiimire. Mukamacheza nawo, maso awo amakhala ali pachitseko cha galimoto yanu, akufunafuna popindika. Akazi awo ankati anakwatiwa ndi mphepo.

Galimoto yotchukayo inali kuseri kwa galaja, m'kashedi kamalata. Sanaigule ayi, ankaipanga okha: kagalimoto kaliwiro kamakedzana, kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, ka mphuno yaitali ndithu. Injini ndi matayala anachotsa ku galimoto ina imene inagwera mumtsinje. Bodi yonse anachita kukhoma ndi nyundo pachitsa cha mtengo chimene anachisema pakati ngati mtondo. Ankaika lata pamenepo, gogogo, kulitembenuza, gogogo, mpaka litapindika mmene akufunira. Akalisisita ndi chikhatho n'kumva kakhwinya, ankayambiranso.

Zonsezi zinachokera pachithunzi chimodzi. Pachithunzipo panali achimwene awo akadali mnyamata, atavala yunifolomu ya udalaivala, atatsamira galimoto ya bwana wawo. Achimwenewa ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndipo nthano zimene a Pang'ono anakula nazo zinali za galimoto imeneyi: kulira kwake, fungo la mipando yake, mmene inkadyera msewu. Bwanayo atasamuka, galimoto inapita naye, achimwene n'kutsala akuyendetsa malole a mchenga mpaka msana unapindika. Tsiku lina a Pang'ono, magazi a unyamata akuwira, analonjeza kuti, "Ndidzakupangirani yanu, achimwene." Pakamwa sipalemedwa ndi katundu. Amene analemedwa anali manja.

Vuto linali lakuti pojambulitsa paja achimwene anaima kumbuyo kwenikweni kwa galimotoyo, n'kuphimba zonse ndi thupi lawo. Kutsogolo kunkaoneka, m'mbali munkaoneka, koma buti, nyali ndi bampala yakumbuyo zinali m'mutu mwa achimwene mokha. Ndipo mutuwo tsopano unali utayamba kudontha. Chidwalireni sitiroko achimwene ankakhala kwa a Pang'ono, m'chipinda choyang'ana kugalaja. Mayina a ana anali atapita. Mlamu wawo, mkazi wa a Pang'ono, amene ankawachapira ndi kuwaphikira, ankamutcha anesi. Munthu mmodzi yekha amene ankamudziwabe anali mng'ono wawoyu. A Pang'ono ankafuna chinthu chimodzi: achimwene akwere galimotoyo akudziwabe amene waipanga.

M'mawa uliwonse ankalowa m'chipindamo atagwira katoni ndi choko.

"Achimwene, nyali zakumbuyo zija zinali zotani?"

"Zozungulira, iwe. Ngati timbale ta tiyi. Ukufunsa kangati?"

A Pang'ono ankathamangira kushedi, kudula, kukhoma, kuwotcherera. Sabata yotsatira ankawagwira dzanja achimwene kukawaonetsa. Mkuluyo ankayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Waika chiyani apa? Zinali zazitali, zoima chonchi. Iwe kumva sumamva chikhalire."

Ankadulanso. Buti inakhala yozungulira, kenako yosongoka, kenako yokhala ndi tayala pamwamba, kenako yopanda tayala. Pakona ya shedi panaunjikana mambuyo a magalimoto okwanira kutsegulira shopu. Makasitomala anayamba kudandaula kuti magalimoto awo akumera udzu pagalaja. Anzawo owotcherera ankaseka kuti galimoto ya a Pang'ono ikusintha matako kuposa mmene munthu amasinthira malaya.

Mwana wawo wamkazi anabwera ndi foni, n'kuwaonetsa zithunzi zambirimbiri za magalimoto amtundu womwewo, kumbuyo kukuoneka bwinobwino.

"Adadi, si izi? Ingosankhani imodzi."

"Zimenezo ndi za eni ake. Ine ndikufuna ya achimwene."

Makani analipo, sitingawabisire. Koma panalinso mantha. Funso la nyali linali lokhalo limene linkadzutsa achimwene. Akalimva, maso ankawala, mawu ankabwerera, ankakalipa ngati kale. A Pang'ono ankakonda kukalipiridwako kuposa kuyamikiridwa ndi munthu wina aliyense, ndipo ankaopa tsiku limene sipadzakhalanso chofunsa.

Akazi awo ndi amene anaphula nkhaniyi poyera. Anawapeza m'shedi akudula buti ina imene anaipenta dzulo lake.

"Bambo, tandiuzani. Mukufuna galimoto ithe, kapena mukufuna alamu akweremo?"

"Zonse ziwiri."

"Ziwirizo sizikumana. Mwaona mmene anakuyang'anirani lero?"

Anali ataona. M'mawa umenewo atalowa ndi katoni yawo, achimwene anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wakumana naye pabasi, asananene kuti "iwe". A Pang'ono anayesa kuiwala zimenezo ndi phokoso la nyundo, koma mtima sunawalole. Anaika chodulira pansi. Anazungulira galimoto, anatuluka panja, anabwereranso, anatola sipanala n'kuisiya. Kenako anatsegula zitseko zonse za shedi.

Galimoto ija anaikankhira pabwalo mmene inalili. Kutsogolo inkanyezimira moti anthu odutsa mumsewu anaima. Kumbuyo kunali mafupa okhaokha: zitsulo zopingasa, mawaya ali lendelende, thanki yomangidwa ndi lamba. A Pang'ono anachita manyazi, koma anapita kukawatenga achimwene, kuwaveka jekete ndi chipewa, n'kutuluka nawo pang'onopang'ono, akazi awo atagwira mkono winawo.

Kumbuyo kuja achimwene sanakuyang'ane n'komwe. Anafika paboneti, anaona kafumbi, n'kukapukuta ndi mkono wa jekete. Anatsegula chitseko okha, iwo amene batani la malaya linkawakanika, n'kukhala pampando wa dalaivala. Dzanja limene sitiroko inalisiya lamoyo linapeza giya osayang'ana. Anakonza galasi. Msana wopindika uja unawongoka.

"Ndi yomweyi," anatero chapansipansi. "Ndi yomweyi ndithu."

A Pang'ono anasendera pachitseko. Anawerama pafupi kuti amve bwino, misozi ili m'maso, osasamala kuti anzawo owotcherera akuonerera pampanda.

Achimwene anatukula maso, anawaona, n'kuvula chipewa msangamsanga.

"Pepani bwana, sindinakuoneni. Kwerani, ndaitsuka kale."

"Achimwene, ndine."

Mkuluyo anangomwetulira mwaulemu, kumwetulira kwa wantchito amene sanamvetse nthabwala ya abwana ake. Anadikira, chipewa chili pabondo.

A Pang'ono anayang'ana akazi awo. Mayiwo anali atagwira pakamwa, koma ndi mutu analoza chitseko chinacho. A Pang'ono anazungulira kutsogolo kwa galimoto n'kukhala pampando wa wokwera. Mpandowo anausoka okha, ndipo ankadziwa pamene ulusi unakhota.

Achimwene anagwira chiwongolero, n'kuchisisita ndi chala chachikulu.

"Bwana, ndili ndi kamng'ono kanga kunyumba," anatero. "Kamakonda magalimoto koopsa. Sikakhala pansi kameneko. Katangoiona iyi, sikangagone."

A Pang'ono anatseka chitseko cha mbali yawo.

"Mudzabwere nako, adalaivala," anatero. "Kadzakwere."