Mabuku Opanda Mathero

Ine ndinakulira pa mabuku odukaduka. Kwathu ku Machinga, achimwene atamaliza sekondale anasiya katoni ya mabuku a nthano pansi pa bedi, ndipo ogwiritsa ntchito katoniyo tinalipo awiri: ine wowerenga, ndi malume anga osuta chingambwe. Iwo pepala lokulungira fodya ankang'amba kuyambira kumapeto kwa buku. Ndikadandaula ankati kumeneko nkhani imakhala itatha kale, zotsalazo n'zongotsanzikana.

Ndiye ndinazolowera. Ndikafika pamene masamba athera, ndinkatseka buku n'kumalizitsa ndekha m'mutu popita kumjigo. Okondana ndinkawakwatitsa. Wodwala ndinkamuchiritsa ngati ndamukonda, koma akakhala wamwano ndinkamusiya afe.

Kuno ku Joni mabuku athunthu ali mbwee. Amayalidwa pansi pafupi ndi renki ya mataxi, ena amandipatsa abwana amene ndimawakonzera m'nyumba. Palibe amene amang'amba. Koma dzanja lamanja likangomva kuti masamba atsala ochepa, basi ndatseka. Chifukwa chake sindichidziwa. Nthawi zina ndimati olemba mabuku ndi anthu ankhanza, amakukondetsa munthu kuti akamuphe bwino. Nthawi zina ndimati ndi mantha anga chabe. Nkhani za apolisi ofufuza zigawenga ndinachita kuzisiya, chifukwa aliyense ndinkamupeza wolakwa. Zanga ndi za m'banja, zokanganirana nyumba ya masiye, za apongozi olowerera, zoti munthu ukuwerenga uzitukwana chamumtima.

Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno. Timakhala awiriwiri m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Cosmo City. Atafika ku sekondale anayamba kunditalikira. Ndikamulankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, maso ali pa foni. Chimene chinatsala pakati pathu ndi mabuku. Iye amabwereka ku laibulale ya kusukulu, akawerenga n'kundipatsa, ine n'kumawerengera mu taxi popita kuntchito. Lamulungu ndikamamuluka tsitsi, timawajeda anthu a m'bukumo ngati oyandikana nawo nyumba. Nthawi imeneyo ndimamumva akuseka ngati kale, ndipo ndimaisamala ngati dzira. Akafika pa za mathero, ndinkangoti eya, zinatha bwino, n'kumuuza kuti aweramitse mutu.

Tsiku lina anandipatsa buku osanena kanthu. Linali la mayi wina wochokera dziko lina, wogwira ntchito za m'nyumba mu mzinda waukulu, akulera yekha mtsikana wake. Ndinalikonda, ngakhale mayiyo ankandinyansa ndi kudandaula kwake. Mwana wanga, amene sakonda kufunsa zinthu, madzulo alionse ankafuna kudziwa pamene ndafika. Ine osazindikira kanthu. Masamba atatsala ochepa ndinatseka monga mwa nthawi zonse, ndipo taxi isanafike pa renki ndinali nditawakweza kale basi onse awiri, ulendo wa kwawo.

Lamulungu ndinali nditaluka theka la mutu pamene anafunsa.

"Mami, kumapeto kuja munakuona bwanji?"

"Ndinasangalala kuti anakwera basi limodzi," ndinatero.

Anatembenuka mwamphamvu mpaka chipeso chinagwa.

"Limodzi? Hayibo, mwawerenga buku liti inuyo?"

"Lomwelo. Iwe, khala bwino, ukusokoneza mizere."

"Simunamalize, neh?"

Ndinayamba kumufotokozera za malume ndi chingambwe chawo, poganiza kuti aseka. Sanaseke. Anafuna kudziwa ngati mabuku onse aja ndinkatero, ndipo nditavomera anangoti "eish" motsitsa mawu. Anatenga bukulo pa windo n'kundiikira pamiyendo.

"Werengani panopa. Ine ndidikira."

Ndinawerenga iye atakhala pansi, tsitsi theka loluka theka lili nyankhalala. M'bukumo mayi uja anakwera basi yekha. Mtsikana anamusiya pa siteshoni ndi achibale, akuti mwanayo ndi wa mu mzinda, kumudzi sangakakwanitse. Ndinabwereza tsamba lomaliza kufuna kuona ngati atsike basi ija. Sanatsike. Ndinapsa mtima kwambiri, moti ndikanakumana naye wolembayo tikanayambana.

"Wolemba ameneyu ndi wabodza," ndinatero. "Palibe mayi angachite zimenezi."

"Mara inu tsiku lililonse mumanena zopita kwanu. Njerwa za nyumba ya kumudzi munaotcha kale. Ine simunandifunsepo."

"Ndikufunse chiyani? Kwathu n'kwanu."

"Mami, agogo samandimva ndikamalankhula nawo pa foni. Kumeneko ndikakhala ndani ine?"

Mpamene ndinazindikira kuti mwanayu anali atasenza mathero amenewo yekha masiku onse aja, kudikira kuti ine ndifikepo, pamene ine ndinali nditakhota kale n'kumadzisangalatsa ndi basi yanga. Zinandipweteka. Komanso mutu unangoti balala, chifukwa mathero anga aja, amene ndinkawaona abwino, kwa iye anali oopsa chimodzimodzi ndi a wolembayo. Kumutenga kunali kumuzula. Kumusiya sindikanatha n'komwe kukuganizira. Kukhala kuno mpaka kukalamba, m'kachipinda ka eni ake, mayi anga akundidikira, nakonso sikunandilowe m'mutu.

"Ndiye mudzanditenga kapena mudzandisiya?" anafunsa, osandiyang'ana.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimupangire yankho labwino, loti aliyense asangalale, poti zimenezo ndiye ndimazitha. Koma ndinangomuuza zoona.

"Sindikudziwa, mwana wanga," ndinatero.

Ndinkayembekezera kuti alira kapena atuluka panja. Iye anangogwedeza mutu, ngati kuti yankho limenelo ndi limene angalikhulupirire. Anatola chipeso n'kundipatsa, kenako anatsamira pa maondo anga.

"Mukadzadziwa, mudzayambe kuuza ine. Ndisadzamvere kwa agogo."

Ndinamulonjeza. Mizere ya mbali yotsalayo inatuluka yokhotakhota, ndipo anapita nayo kusukulu sabata yonse osalola kuti ndiimasule.