Mkodzo wofiira

"Choka apa, mwana wa polisi! Mkodzo wako ngwoyera ngati wa khanda!"

Anandikalipira choncho ndi Vitumbiko, mtsogoleri wa anyamata a m'kalasi mwathu, tili kuseri kwa chimbudzi cha sukulu pa Boma la Mzimba. Sindinamuyankhe ndi pakamwa. Ine mtima wapachala ndinabadwa nawo. Ndinamusasantha chibakera cha pamphuno, iye n'kundigwetsa m'fumbi, tonse n'kukalandira zikoti kwa ahedi.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo, amene anali apolisi, anali atangowasamutsira kumeneko kuchokera ku Dedza. Chitumbuka ndinkangotola apa ndi apo, mnzanga ndinalibe. Tsono anyamatawo anali ndi lamulo lawo: mnyamata akayamba kukodza magazi, ndiye kuti wakula. Ankapikisana kukodzera pakhoma, ndipo amene madontho ake omaliza afiira kwambiri ndiye ankasankha timu ya mpira. "Uyu ndiye mwanalume, mbwenu!" ankatero m'Chitumbuka, kutanthauza mwamuna weniweni. Ine ntchito yanga inali yokatola mpira ukagwera m'chimanga.

Ndinaona kuti onse okodza zofiira ankasambira padziwe lina kudambo, pamene anthu anakumba dothi loumbira njerwa. Madzi ake anali obiriwira, onunkha matope, tinkhono titamatirira pa udzu wa m'mbali. Mayi anandiletsa ndi ukali wonse, koma ndinkapita ndithu, ngakhale m'nyengo yozizira ija ya ku Mzimba, mano akuchita kugundana. Patapita miyezi, dontho lofiira linaoneka. Zinkawawa ngati ndikukodza tsabola, koma tsiku limenelo ndinayenda ngati tambala.

Pa holide kunabwera amalume, mchimwene wa mayi, amene ankaphunzitsa ku yunivesite za tizilombo toyambitsa matenda. Anali pa ulendo wa kafukufuku m'midzi ya cha ku Euthini, ndipo anatsika basi atakumbatira bokosi lathabwa ngati muli mwana. Ine pofuna adziwe kuti mphwawo salinso kamwana, ndinawanong'oneza nkhani yanga yabwinoyo.

Sanaseke, ndipo sanaitane mayi.

"Ndiye wakula, mphwanga? Zikomo kwambiri," anatero, akundipatsa kabotolo. "Tabweretsa tiuone. Koma ukhale wa masana, ndipo madontho omalizawo usataye."

Anausiya mkodzowo kuti udikhe. Kenako anatulutsa m'bokosi muja makina oonera tizilombo, okhala ndi kagalasi kotengera kuwala kwa dzuwa, n'kuwaika patebulo pakhonde. Anatapa dontho la pansi penipeni n'kundiuza kuti nditsinzine diso limodzi. Ndinaona tinthu tonga nthanga za nkhaka, kalikonse kali ndi kamunga kumapeto.

"Mazira amenewo. Tadikira, sitinathe."

Anathira madzi oyera m'kabotolo kaja, ife n'kuyamba kudya nzimbe. Nditayang'ananso, ndinaona zodabwitsa. Dzira lina linali litasweka, ndipo kanthu kamoyo kankazungulira mothamanga ngati kapenga.

"Kakufunafuna nkhono," anatero amalume. "Kakakulira m'nkhonomo, katuluka n'kuboola khungu la wina amene akusambira. Makolo ake ali m'mitsempha ya chikhodzodzo chako, mwamuna ndi mkazi, akudya ndi kuikira. Minga waionayo ndiyo ikukucheka. Limeneli ndi likodzo. Likakhalitsa limawononga chikhodzodzo, ngakhale impso."

Ndinamenya tebulo mpaka makinawo anagwedezeka. "Ndiye Vitumbiko wandinamiza!"

"Ukandiswera chida changa ndikugulitsa iwe," anatero modekha. "Mnzakoyo sananame. Akunena zimene anamva kwa akulu ake, ndipo palibe amene anamuonetsa zimene waona iwezi. Anayamba liti kukodza magazi?"

"Kalekale. Ndiye amafiira kuposa onse."

Amalume anasiya kutafuna nzimbe. Nkhope yawo inandiuza kuti amene ndinkamusirirayo ndiye anali wodwalitsitsa.

Madzulo anapita nane kuchipatala. Anandipatsa mapilitsi akuluakulu, owawa ngati ndulu, amene ndinamwa nditayamba ndadya. Mayi atamva anafuna kundikalipira, koma amalume anati, "Mlongo, wamva kale ameneyu. Wamva ndi maso."

Lero ndine bambo wa ana anayi, ndimagulitsa matabwa a ku Luwawa, ndipo kukalipa sindinasiye. Koma ndimadziwa kuti chinthu chimene munthu akunyadira sungamulande pomuzazira. Mayi anazaza miyezi yonse ija, ine osamva. Amalume anangonditsegulira diso limodzi. Ana anga akakakamira zopusa, ndimayesa kumeza mawu n'kuwatenga akaone okha. Nthawi zina ndimakwanitsa.

Tsiku lotsatira nditamwa mapilitsi aja, m'mawa ndinapempha kabotolo kena n'kulunjika kwa a Vitumbiko. Ndinamupeza akutsegulira mbuzi. Atandiona anakunga zibakera.

"Wabwerera ndewu?"

"Ayi. Amalume akufuna aone mkodzo wa mwanalume weniweni. Masana ano ukodzere umu."

"Ndikakana?"

"Ukakana ndikumenya, n'kukunyamula pamsana."

Anaseka n'kulandira kabotoloko. Dzuwa litafika pamutu tinatsetsereka limodzi kupita kunyumba kwathu, anyamata ena akutitsatira pambuyo, aliyense akufunsa ngati mabotolo akwanira.