Kaphiri ka pa Tayala

Ndikukumbukira kulira kwa matayala aja pa phula la ku Balaka. Ankang'ung'udza chapansipansi ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo galimoto ikathamanga phokosolo linkakwera mpaka kumveka m'mano. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Amene anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya amalume a Samisoni. Amalumewo anali ndi pikapu yoyera imene ankanyamulira anthu a geni pa masiku a msika. Agogo ankagulitsa kaunjika, choncho Loweruka lililonse ankakwera kumbuyo atakhalira belo lawo, ine pambali pawo. Pakhomopo ndinali mwana wosalankhula. Ndinaphunzira msanga kuti amalume sankakonda kuyankhidwa, makamaka ndi munthu wodya za m'thumba mwawo. Ndinkangoyang'ana. Ndinkadziwa tsiku limene amwa, ndinkadziwa pamene amabisa makiyi, koma zonsezo zinkathera mumtima.

Chilimwe china amalume anabwera kuchokera ku Limbe ndi matayala anayi akaunjika, ochokera kunja. Anali okongola, a mano akuya. Kwathu tayala ankaligula poona mano basi. Munthu ankalowetsa kamtengo ka machesi pakati pa manowo, ndipo mutu wake ukamira, nkhani yatha. Pa matayala amenewa kanamira kosaonekanso, ndipo amalume anaitana anzawo kuti adzaone.

Mawa lake tinapita nawo kwa a Chikopa, bambo amene ankamata ndi kupopa matayala pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi depoti. Amalume anandisiya kuti ndilondere jeke ndi masipanala, iwo n'kupita kukaonana ndi anzawo. A Chikopa anatembenuza tayala limodzi, n'kundiitana.

"Iwe, tabwera. Takanikiza apa ndi chikhadabo."

Ndinakanikiza. Labalayo analowa ngati sopo wogonera m'madzi. Kenako anandionetsa kachizindikiro m'mbali mwa tayalalo, kaphiri ka nsonga zitatu kokhala ndi kanyenyezi mkati.

"Awa ndi a kumayiko kogwa chipale chofewa, kumene msewu umaundana ngati madzi a mufiriji. Labala wake anamufewetsa dala kuti azigwira pozizira. Ndiponso ndi okalamba, taona ming'alu iyi. Ndi dzuwa lathuli, ndi mmene amadzazira amalume akowo, apsa okha. Ine ndikawauza ati ndikufuna ndiwagulitse anga. Ukawauze ndiwe kuti asamadzaze, ndipo masana asamathamange. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu.

Mawuwo ndinayenda nawo milungu itatu. Tsiku lina ndinawapeza amalume akupukuta matayalawo ndi kansanza, akuimba mluzu. Ndinaima kumbuyo kwawo kuti ndiwauze. Anacheuka.

"Ukufuna chiyani? Wakhuta eti?"

"Ayi, palibe," ndinatero, n'kubwerera kuseri.

Loweruka lachitatu tinachoka ku msika dzuwa lili paliwombo. Kumbuyo kunali mabelo, matumba a chimanga, ndi anthu ochuluka moti ena miyendo inkalendewera kunja. Phula linkanyezimira ngati lathiridwa madzi. Ine ndinkamvetsera kung'ung'udza kuja, ndipo ndinkamva fungo la labala wotentha likukwera. Agogo anali akusinza. Galasi la kumbuyo kwa dalaivala linali pafupi, ndikanatha kuligogoda ndi dzanja. Sindinatero.

Tayala lakumbuyo linaphulika ngati mfuti. Galimoto inapepeluka, n'kukagwera cham'mbali mu ngalande. Palibe anamwalira. Ine ndinangosupuka pachigongono. Agogo ndinawapeza ali gone m'fumbi pakati pa malaya a kaunjika omwazikana, akuyesa kudzuka koma mwendo ukukana. Fupa la m'chiuno linali litathyoka.

Anakhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo anatuluka ndi ndodo. Ku msika sanapitenso. Masana ena ndikuwathandiza kukhala pakhonde, ndinawauza zonse: za a Chikopa, za kaphiri, za uthenga umene sindinafikitse. Ndinkayembekeza kuti andimenya ndi ndodoyo, kapena andikumbatira. Anangondiyang'ana ndi maso otopa.

"Ndiye ukundiuza lero kuti nditani nazo, Yohane? Kalelo zikanandithandiza. Tandipatsira madzi."

Ndinakatunga madziwo. Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka tsiku limene anamwalira.

Papita zaka zambiri. Tsopano ndine dalaivala ku Doha, pa banja lina lokhala mu kompaundi ya ku Al Waab. Ntchito yake ndi yodikira: kudikira ana pa geti la sukulu, kudikira adona pa shopu, kudikira magetsi a pamsewu. Ntchitoyi imafuna munthu woona zonse wosanena kanthu, ndipo ine ndinaiphunzira ndili mwana. Mabwana amandikonda chifukwa cha zimenezo.

Abwana anga, amene ndi injiniya, anasamukira kuno kuchokera ku Canada, ndipo patapita miyezi galimoto yawo yaikulu inawatsatira pa sitima. Inafika mu Juni, nthawi imene chiwongolero chimawotcha manja ndipo mpweya wakunja umakhala ngati wa mu uvuni. Tsiku loyamba kuiyendetsa, nditangolowa mumsewu waukulu, ndinamva njuchi zija. Ndinatsitsa wailesi. Zinali zomwezija. Nditafika kunyumba ndinagwada pambali pa tayala, n'kukapeza kaphiri ka nsonga zitatu kali phee.

Ndinakawauza a Phiri, Mmalawi mnzanga amene amalondera pa geti la kompaundiyo. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Achimwene, kontrakiti yanu yatsala miyezi ingati? Iwiri? Ndiye mukufuna muyambe kuphunzitsa injiniya za galimoto yake? Dalaivala uja wa ku Nepal anangonena za mabuleki, khalasi, ntchito inathera pomwepo, pano akulima kwawo. Inu yendetsani pang'onopang'ono, mafi mushkila, palibe vuto. Akarinyuwa kontrakitiyo ndiye mudzawauze."

A Phiri sankanama. Abwanawo si munthu woipa, koma sakonda kuuzidwa, ndipo galimoto imeneyo ankaipukuta okha monga ankachitira amalume. Kumudzi ndili ndi ana awiri pa sekondale. Ndinayendetsa pang'onopang'ono masiku anayi. Lachinayi adona anandiuza kuti Loweruka ndidzawatenge ndi ana kupita kunyanja ya kumpoto, ulendo wautali wa masana pa msewu umene aliyense amathamanga.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangotopa. Ndinatopa kumva phokosolo ana awiri a abwana akusinza kumbuyo kwanga. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa changa ku Balaka chinali mantha a mwana, amene munthu amawasiya akakula. Pano ndikuona kuti sasiyika okha, amangosintha malaya. Ndikuonanso chimene agogo ankatanthauza pakhonde paja. Mawu ali ndi tsiku lake, ndipo likadutsa amangopeputsa mtima wa wowanena, wovulalayo ndodo ili m'manja.

Lachisanu m'mawa abwana anatuluka ndi khofi wawo. Ndinawapatsa moni, kenako ndinanena m'Chingerezi changa chopereweracho kuti matayala a galimotoyo ndi a nyengo yachisanu, ndipo sindingatengerepo ana ulendo wautali m'dzuwa ili.

"Sungatengerepo?" anatero. "Matayala amenewo ndinagula ndekha. Sanathe ndi chaka chomwe. Taona mano ake."

"Mano ali bwino, bwana. Takanikizani apa ndi chikhadabo."

Sanakanikize. Analowa m'nyumba, chitseko n'kuchimenyetsa. Ndinaima pamthunzi wa khoma, thukuta likutsika kumsana. Kugeti a Phiri anapukusa mutu n'kuyang'ana kumbali. Ndinayamba kuganiza za chikwama changa, zimene zingalowemo ndi zimene ndingasiye.

Patapita nthawi abwana anatulukanso, foni ili m'manja. Sanabwere kwa ine. Anapita pa galimotoyo, n'kuwerama pa tayala lakutsogolo. Ndinawaona akufunafuna ndi chala mpaka anakapeza kaphiri kaja. Anaika chikhadabo pa labala, n'kukanikiza. Anakhala chowerama choncho kanthawi.

Atadzuka anabwera pamene ndinaima. Sanapepese, sanathokoze, ndipo za kontrakiti sanatchule.

"Mawa utenge galimoto yaing'onoyo. Iyi isatuluke pageti mpaka asinthe onse anayi."

Anandiika makiyi a galimoto yaing'ono m'dzanja, n'kulowa m'nyumba.